Theka la Ngalawa pa Khoma

M'tauni yaing'ono ya Bristol, m'chigawo cha Rhode Island ku America, muli nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Herreshoff Marine Museum. Chipinda china cha nyumbayo chadzaza ndi tingalawa tamatabwa toposa 500, tokhomedwa pa khoma m'mizere m'mizere. Munthu wolowamo koyamba sangalephere kudabwa, pakuti kangalawa kalikonse ndi theka, monga nsomba yong'ambidwa pakati kuchokera kumutu kufikira kumchira. Mbali imodzi ndi yozungulira ngati mimba, inayo ndi yathyathyathya, ndipo ndiyo yagona pa khoma. Palibe mlongoti, palibe thanga, palibe ndi chingwe chomwe. Chimene chiripo ndi thunthu lokha, ndiye kuti mbali ija ya ngalawa imene imakhala m'madzi ndi kusenza zonse zimene ziri pamwamba pake.

Mlendo angayese kuti izi n'zokongoletsera m'nyumba, kapena kuti mmisiri wina ankawona ngalawa zikuluzikulu pa doko, nazitsanzira pa kathabwa kuti asangalatse ana. Zinthu sizinali choncho ayi. Kangalawa ka pa khomako ndiko kankayamba kukhalapo, ndipo ngalawa yaikulu inkachita kutengera iko. Mwamuna amene anasema tambiri mwa tingalawati, Nathanael Greene Herreshoff, sankayamba ndi kulemba mawonekedwe onse a thunthu pa pepala monga ankachitira akatswiri ena a nthawi yake. Iye ankaganiza ali ndi tchizulo m'manja. Chimene dzanja lake lasiya pa kathabwa, chimenecho ndicho amisiri ake ankakachikulitsa. Chimene lapala mopitirira muyeso chinkasowanso pa ngalawa yeniyeni, imene inkanyamula miyoyo ya anthu ndi ndalama zankhaninkhani.

Banja limene Nathanael anabadwiramo mu 1848 linali la ana asanu ndi anayi, ndipo anayi mwa iwo anachita khungu. Mmodzi wa anayiwo anali mkulu wake John Brown Herreshoff, wobadwa mu 1841, amene maso ake anafa ali mnyamata wa zaka ngati 15. Atate awo ankakonda ngalawa za matanga, ndipo John anatengera chikondicho kotero kuti khungu silinamuletse. Pofika 1863 anali atayamba ntchito yokhoma ngalawa zogulitsa. Nathanael akali wamng'ono ndiye anali maso a mkulu wake: ankamutsogolera panjira, kumuwerengera miyeso, ndi kumugwirira chiwongolero akapita panyanja. Amene anamudziwa John anasimba kuti ankatha kuyendetsa manja pa thunthu la ngalawa ndi kuloza pamene mmisiri walakwitsa, pomwe anthu openya sanawonepo kanthu.

Nathanael anakaphunzira za makina pa sukulu ya Massachusetts Institute of Technology, ndipo anagwira ntchito zaka zingapo pa kampani ya Corliss yopanga injini za nthunzi mu mzinda wa Providence. Mu 1878 anabwerera kwawo, ndipo abale awiriwo anakhazikitsa Herreshoff Manufacturing Company. John ankayang'anira ndalama ndi kukambirana ndi ogula, Nathanael ankakonza mawonekedwe a ngalawa ndi injini zake. Munthu wophunzira masamu chotere akanatha kudalira pepala ndi pensulo. Iye anasankha kathabwa, ndipo sanasiye njirayo kufikira ukalamba wake.

Kusema theka lokha kuli ndi chifukwa chake, ndipo si ulesi. Ngalawa iyenera kukhala yofanana mbali zonse ziwiri, pakuti ngati mbali ya kumanja yatupa pang'ono kuposa ya kumanzere, ngalawayo imakokera kumodzi, ndipo woyendetsa amalimbana ndi chiwongolero ulendo wonse. Tsono palibe dzanja la munthu limene lingaseme mbali ziwiri zofanana ndendende. Nzeru imene amisiri akale anapeza ndi yakuti aseme mbali imodzi, ayeze imeneyo, ndipo miyeso yomweyo aigwiritse ntchito uku ndi uku. Nkhope yathyathyathya ija imaimira mzere wapakati pa ngalawa, ndipo muyeso uliwonse wa m'lifupi umayambira pamenepo. N'chifukwa chake mmisiri amayamba ndi kuipala nkhopeyo kufikira itagona bwinobwino pa tebulo popanda kugwedera. Ikapindika ngakhale pang'ono, miyeso yonse yotsatira imanama pamodzi nayo.

Mtengo umene amisiri a dera limenelo ankaukonda ndi paini woyera wa kumpoto chakum'mawa kwa America. Paini ameneyu asasokonezedwe ndi paini wamfundo zambiri amene amachekedwa matabwa a denga. Ndi mtengo wofewa, wopepuka, wamitsempha yowongoka, umene tchizulo chimaudula ngati sopo. Kale mitengo yake ikuluikulu inali ya mtengo wapatali kotero kuti mu 1691 boma la England linalamula kuti yonse yofika mainchi 24 m'mimba mwake m'dera la Massachusetts isungidwire milongoti ya zombo zankhondo za mfumu. Wosema chifanizo safuna mtengo wonse, amangofuna kachidutswa. Koma kachidutswako kayenera kukhala kopanda mfundo, kopanda mng'alu, ndiponso kouma kwa nthawi yaitali. Thabwa lauwisi limaumirira pang'onopang'ono, ndipo pouma limafota m'lifupi kuposa m'litali. Chifanizo chosemedwa pa thabwa lotere chikhoza kukhala chowona lero, patapita miyezi itatu n'kukhala chitapotoka, mwini wake osadziwa.

Amisiri ambiri sankasema chipika chimodzi. Ankatenga matabwa angapo opyapyala, opalidwa mofanana makulidwe, nawasanjikiza kufikira atakwana msinkhu wa thunthu. Ena ankasinthanitsa mitundu: thabwa la paini woyera, pamwamba pake la mahogany, mtengo wofiirira wofanana ndi mbawa, kenaka la paini, chonchobe. Izi sankachitira kukongola kokha. Polumikizana matabwa awiri pamakhala mzere wogona, wolingana ndi mmene madzi amagonera, ndipo mmisiri akamasema, mizereyo imayamba kukhota yokha ndi kumuwonetsa njira imene madzi adzadutse pa msinkhu uliwonse wa thunthu. Mzere umodzi mwa iyo ndiwo malire a madzi, pamene ngalawa iyenera kumira kufikira. Kale matabwawo ankagwirizidwa ndi zikhomo zamtengo kapena masikulu, kuti chifanizo chikatha achimasule, agoneke thabwa lirilonse pa pepala, nalizungulira ndi pensulo. Kumeneko kunali kulemba pulani kuchokera ku mtengo. Amene sankafuna kumasula ankamata matabwawo ndi guluu, nawapana ndi zopanira usiku wonse.

Chipika chikauma, ntchito yoyamba ndi ya sowo. Pa nkhope yathyathyathya ija mmisiri amalembapo mawonekedwe a ngalawa monga imawonekera kwa munthu woima pa gombe: kukwera kwa mphuno yake, kuzama kwa msana wa pansi, kupendeka kwa kumbuyo, ndi kukhota kwa mkombero wa pamwamba. Amacheka motsata mzerewo. Kenaka pamwamba pa chipikacho amalembapo mawonekedwe a ngalawa monga ingawonekere kwa mbalame iri m'mwamba, yosongoka kutsogolo, yotambalala pakati, nachekanso. Chotsala ndi chinthu chosakongola konse, cha ngodya zakuthwa ngati bokosi lophwanyika. Pamenepo amadula kapepala kolimba kokhala ngati patani ya telala, kosonyeza mmene mimba ya ngalawa iyenera kuzungulirira pakati penipeni, ndipo amasema malo amodzi amenewo kufikira patani itakhala bwino popanda mpata. Zinthu zitatu zimenezi zikakhazikika, ngalawa imakhala itadziwika kutalika, kutambalala ndi kuzama kwake.

Komatu ngalawa ziwiri zikhoza kufanana pa zitatu zonsezi, ina n'kukhala yaliwiro ndi yomvera, ina n'kukhala chigodi. Kusiyana kwake kuli pa malo otsala aja, pakati pa mphuno ndi mimba, ndi pakati pa mimba ndi kumbuyo, ndipo kumeneko kulibe patani yotsogolera dzanja. Mmisiri amakhoma chipikacho pa kamtengo kogwirira kuti athe kuchitembenuza mmene afunira, natenga tchizulo chokumba ngati supuni kuchotsera ngodya zikuluzikulu. Pambuyo pake amatenga kapuleni ka zigwiriro ziwiri, ndi tina tating'ono tolowa m'chikhatho, ndi tupa. Sasema malo amodzi kufikira atatha. Amayendayenda thunthu lonse, kuchotsa pang'ono apa, pang'ono apo, kuti mawonekedwe atulukire limodzi.

Mitsempha ya mtengo ndiyo imalamula kumene mpeni ulowere. Pa thunthu la ngalawa, pakati ndi potukuka ndipo kumapeto konse kuwiri n'kowonda. Motero mmisiri amapala kuchokera pakati kutsikira ku mphuno, natembenuka kupala kuchokera pakati kutsikira kumbuyo. Akayesa kupala mokwera, mpeni umalowa pansi pa mitsempha ndi kuthyola kachibenthu, ndipo bala lotere silitha popanda kutsitsa malo onse ozungulira. Vuto lalikulu la ntchitoyi ndi lakuti imangopita kumodzi. Woumba mbiya akachotsa dongo lochuluka amabwezerapo. Wosema alibe mwayi umenewo. Chifukwa chake, pamene thunthu liyandikira kutha, zipangizo zimacheperachepera, ndipo nthawi yoyang'ana imachuluka kuposa nthawi yopala. Akuluakulu anati kuwona maso a nkhono n'kudekha. Wosema chifanizo amatha theka la ola akungochitembenuza m'manja, kenaka n'kuchotsa kamzere kamodzi kopyapyala ngati pepala.

Pali chinthu chimodzi chimene ophunzira ntchitoyi amachedwa kuchimvetsa, ndicho chakuti kusalala n'kwina, kuyenderera n'kwina. Mbatata yosendedwa bwino ndi yosalala, koma iri ndi timanundu ndi timaenje. Thunthu la ngalawa liyenera kukhala lakuti mzere uliwonse, kaya woimirira, wogona kapena wopingasa, ukhote mwapang'onopang'ono popanda podumpha kapena pophwa mwadzidzidzi. Madzi akamadutsa pa thunthu loyenderera amatsata khungu lake mwakachetechete. Akakumana ndi kanundu amasiyana nalo, nayamba kuzungulirazungulira kumbuyo kwake, ndipo mphamvu imene ikanayendetsa ngalawa imathera m'kuvundula madzi. Amisiri a matabwa ali nacho chifukwa chinanso: thabwa lalitali limapindika mwachibadwa motsata mzere woyenderera, koma limakana kapena kuthyoka pamene mzerewo wathyoka. Apa sandipepala ndi mnzake wachinyengo wa wosema. Akamugwira m'chikhatho, chikhathocho chimalowa m'kadzenje kalikonse ndi kukakulitsa, ndipo thunthu limatuluka lonyezimira koma lolakwika. Wodziwa amamata sandipepala pa kathabwa kotalika, kopindika, kamene kamakhudza zitunda zokha ndi kudumpha maenje.

Njira zopezera zolakwa zotere ziripo zingapo. Mmisiri amagoneka kandodo kopyapyala pa thunthu, nakakanikiza kumapeto konse kuwiri. Pamene kasiya mpata pali dzenje, pamene kagwedera pali chitunda. Usiku amazimitsa nyali zina, nasiya imodzi pambali, pafupi ndi tebulo, kuti kuwala kudutse mopsopsona thunthu. Kanundu kosawoneka masana kamaponya mthunzi. Koma woweruza wotsiriza ndi nsonga za zala. Diso limanyengeka ndi mtundu wa mtengo ndi mizere yake. Chala sichidziwa mtundu. Amisiri ambiri a ngalawa, pofuna kutsimikiza, amayang'ana kumbali kapena kutsinzina, nayendetsa dzanja mofulumira kuchokera ku mphuno kufikira kumbuyo. Wina amachita kuphunzira mochedwa kuti zala zimawona. Mwana amene anakula akutsogolera mkulu wake wakhungu m'nyumba yokhomeramo ngalawa anazidziwa asanadziwe masamu.

Masamuwo ndiwo amasonyeza chifukwa chake kudekha konseku n'kofunika. Chifanizo chimasemedwa pa mlingo wodziwika. Ngati inchi imodzi ikuimira phazi limodzi, ndiye kuti utali uliwonse udzachulukitsidwa ka 12. Koma malo a pamwamba, monga khungu la thunthu lokhudza madzi, amachuluka ka 12 kuchulukitsa ndi 12, ndiko 144, ndipo mkati mwake mumachuluka ka 1,728. Lamulo limene Archimedes anapeza limati chinthu choyandama chimakankha madzi olemera mofanana ndi icho. Tsono ngati mbali ya theka lija imene iri pansi pa malire a madzi ikwana lita imodzi, mbali ziwiri zikwana malita 2, ndipo ngalawa yeniyeni idzakankha malita 3,456, ndiye kuti iyo ndi zonse ziri m'menemo ziyenera kulemera pafupifupi matani atatu ndi theka. Ngalawa zikuluzikulu zimafuna mlingo wochepa kuti chifanizo chikwane pa tebulo. Pa mlingo wa theka la inchi pa phazi, utali umachuluka ka 24 ndipo mkati mumachuluka ka 13,824. Mmisiri akapala mtengo wodzaza supuni yaing'ono ya tiyi pansi pa malire a madzi, wachotsa pa ngalawa yaikulu mphamvu yoyandamitsa makilogalamu oposa 130, kulemera kwa amuna awiri. Akachotsa supuniyo kutsogolo kokha, ngalawa idzayandama yoweramitsa mphuno.

Chifanizo chikatha ndi kupakidwa vanishi, pamatsala kuchisandutsa manambala. Nathanael ankagwira ntchitoyi kunyumba kwake, kumene kunkatchedwa Love Rocks, ndipo analibe chifukwa chomasulira matabwa, pakuti anali ndi chipangizo chake choyezera. Ankagoneka theka lija pa tebulo lathyathyathya, nalemba malo a nthiti iriyonse ya ngalawa motsatana. Chipangizocho chinali ndi kasonga kokhudza khungu la chifanizo, ndipo pa malo aliwonse chinkasonyeza kukwera kwake ndi kutalikira kwake kuchokera pa mzere wapakati. Manambalawo ankawalemba m'timabuku tating'ono, ndipo kabukuko ndiko kankapita kwa amisiri. Iwo ankalemba nthiti iriyonse pa mlingo wake weniweni pansi pa chipinda chachikulu, nadula zikombole zamatabwa motsata mizereyo. Ngalawa zamatabwa za kampaniyi zinkamangidwa chozondoka, msana uli m'mwamba: chikombole pa nthiti iriyonse, nthiti za mtengo wa oak zofewetsedwa ndi nthunzi n'kupindidwa pa zikombolezo, kenaka matabwa a khungu. Thunthu likatha ndi pamene ankalitembenuza.

Ntchito ya tingalawa tosematu inayesedwa pamaso pa dziko lonse pa mpikisano wa America's Cup. Chikhocho chinabwera ku New York ngalawa yotchedwa America itapambana ngalawa za Angerezi pozungulira chisumbu cha Isle of Wight mu 1851, ndipo bungwe la New York Yacht Club linachisunga kufikira 1983, pamene ngalawa ya Australia II inachilanda. Mbiri ya Nathanael inamveka mu 1891, pamene ngalawa yake Gloriana inapambana mipikisano yonse isanu ndi itatu imene inalowa, ndipo pambuyo pake anthu olemera a ku New York anamupatsa ntchito yoteteza chikho. Ngalawa zake zinachiteteza kasanu ndi kamodzi: Vigilant mu 1893, Defender mu 1895, Columbia mu 1899 ndi 1901, Reliance mu 1903, ndi Resolute mu 1920. Amene anamva kuwawa koposa anali Sir Thomas Lipton wa ku Glasgow, mwini malonda a tiyi uja dzina lake likadali pa mapaketi. Iye anayesa kasanu kulanda chikhocho pakati pa 1899 ndi 1930, ngalawa zake zonse zikutchedwa Shamrock, ndipo kanayi anagonja kwa ngalawa zobadwira pa tebulo la ku Love Rocks.

Reliance ndiyo imawonetsa bwino zimene dzanja losema lingachite ndi lamulo. Ngalawa ikamayenda imakumba funde, ndipo liwiro lake limamangika ku utali wa fundelo; yotalika pa malire a madzi ndiyo imathamanga. William Froude wa ku England, amene anayamba kukoka zifanizo m'dziwe lomangidwa ku Torquay mu 1872, anasonyeza mgwirizano wake: utali ukachuluka kanayi, liwiro lolingana nawo limachuluka kawiri. Malamulo a mpikisano sankalola kupitirira mapazi 90 pa malire a madzi, ndipo muyesowo unkatengedwa ngalawa itaima chiriri pa madzi abata. Nathanael anasema thunthu losazama, lotambalala, lokhala ndi mphuno ndi kumbuyo kotalika kolendewera pamwamba pang'ono pa madzi. Poyezedwa, Reliance inali yosakwana mapazi 90. Koma thunthu lake linkapitirira mapazi 140, ndipo mphepo ikaipendeketsa, mbali zolendewera zija zinkagona m'madzi, ngalawayo n'kusanduka yaitali kuposa imene oyeza anayeza. Inanyamula matanga oposa masikweya mapazi 16,000, mtovu wa matani ngati 100 pansi pake, ndi amalinyero 64 motsogoleredwa ndi Charlie Barr. Inagonjetsa Shamrock III katatu kotsatizana, ndipo pa mpikisano wotsiriza, pa 3 September 1903, ngalawa ya Lipton inasokera m'nkhungu osatsiriza ulendo.

Kunena zowona, kupambana kotere kunali ndi mbali yake yonyansa. Reliance inali yamphamvu pa ntchito imodzi yokha, yowopsa kuyendetsa, yosayenera ulendo wina uliwonse, ndipo inaphwasulidwa mu 1913 isanapikisanenso. Nathanael mwini wake ndiye anakonza lamulo latsopano la miyeso, lotchedwa Universal Rule, limene linkawerengeranso kulemera kwa ngalawa kuti zinyama zotere zisabadwenso. Palinso zambiri zimene kathabwa ka paini sikangauze mwini wake. Kamanena za mawonekedwe, koma za chuma chomangira sikanena kanthu. Defender inamangidwa ndi nthiti zachitsulo, khungu la mkuwa wosakaniza pansi ndi la aluminiyamu pamwamba. Madzi amchere anachititsa zitsulo zosiyanazo kudyana monga zimachitira m'batire, ndipo pofika 1901 ngalawayo inaphwasulidwa. Chodabwitsa n'chakuti ngalawa ziwirizi sizinakhalepo ndi thunthu lamtengo, kupatula theka laling'ono lija losemedwa pa tebulo.

Anthu amene amapanga tingalawa tamatabwa masiku ano pofuna kusangalala amagwiritsabe ntchito njira ya matabwa osanjikiza, imene Angerezi amaitcha ya buledi ndi batala, poti matabwa ndiwo buledi ndipo guluu ndiye batala. Wofuna kangalawa kathunthu koyandama amadula thabwa lirilonse motsata pulani, naboola mkati mwake asanamate, kuti kangalawako kakhale kopepuka ndi kagweregwere. Iye amakumana ndi vuto lija limene osema theka analithawa, ndipo ayenera kuyesa patani iriyonse mbali zonse ziwiri mosinthanasinthana. Amakumananso ndi lina limene masamu aja amaneneratu. Pa mlingo wa inchi pa phazi, thanga limachepa ka 144, kulemera kumachepa ka 1,728, koma mphepo ya pa dziwe siichepa. Kangalawa kotsanzira ndendende ngalawa yaikulu kamagwa cham'mbali mphepo ikangowomba, ndipo mwini wake amakakamizika kukaikira msana wozama, wa mtovu, woposa umene ngalawa yeniyeni inali nawo. Akatswiri a ngalawa zazikulu tsopano amalemba mathunthu pa kompyuta, imene imawerengera kulemera ndi kuyandama m'kamphindi. Komabe m'malo ambiri okhomera ngalawa, thunthu lisanapakidwe utoto, pamakhala munthu ndi thabwa lalitali la sandipepala, akuyendetsa dzanja ndi kuchonga ndi pensulo pamene chala chakhumudwa.

John anamwalira mu 1915, Nathanael mu June 1938, miyezi itatu mphepo yamkuntho isanawononge gombe la Bristol, ndipo kampani ija inatsekedwa mu 1945. Nyumba yosungiramo zifanizo zija inakhazikitsidwa mu 1971. Mwa ngalawa zonse zochokera pa khomalo, imene yafalikira koposa si ya mamiliyoneya ofuna chikho. Mu 1914 mabanja ena okhala m'mbali mwa Buzzards Bay, kumene mphepo ya masana imautsa mafunde aafupi ndi aukali, anapempha kangalawa kakuti ana awo aphunzirirepo popanda kugubuduka. Nathanael anawasemera thunthu lozama, la mimba yotambalala ndi mtovu pansi, lotalika mapazi 12 ndi theka pa malire a madzi, ndipo utali umenewo ndiwo unakhala dzina lake. Kampaniyo inakhoma tingalawa totere toposa 300, ndipo pambuyo pake ena anayamba kutiumba ndi fibreglass. Mpaka lero timapikisana pa madzi omwewo. Patapita zaka ziwiri, mu 1916, anthu ena anafuna ngalawa yonga yomweyo koma yokulirapo, imene inadzatchedwa Fish. Nathanael sanafunefune thabwa lina. Anatsitsa theka lomwe lija pa khoma, naligoneka pa tebulo, naliyezanso pa mlingo wina.